Katuni ya Malume Ometa Tsitsi

Malume anga amameta anthu tsitsi. Chimwalirireni akazi awo, makasitomala akatha ankakhala pampando wometerapo n'kumaonera kakatuni kamodzimodzi pafoni. Kanali ka msilikali wotsala yekha mumzinda, wolimbana ndi zilombo zochokera kumlengalenga, yemwe pakudya ankangoyang'ana khoma.

Abale sankapondako. Koma atangomva za katuniyo, mlongo wawo anatulukira ndi gulu la mapemphero, ati munthu wamkulu woonera zidole ndiye kuti ali ndi ziwanda. Anawalanda foni, anafufuta katuniyo, anaimba, anamwa tiyi, n'kumapita. Palibe anafunsako kuti, "Achimwene, mumadya ndi ndani?"

Ine mtima unachita kuwira. Malume anangopitiriza kusesa tsitsi, kenako anandiuza kuti, "Msilikali uja anali ndi mwayi, mphwanga. Zilombo zake zija zikabwera ankaloledwa kuziwombera."