Amalume Anandikonzera Laputopu

Laputopu ndinaigulira ntchito yanga yotaipa, koma itafika kwathu ku Area 25 inapeza ntchito ina ikuidikira. Bambo anga anali atawapeza ndi chotupa pammero, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti akawachita opaleshoni moyo ukhalapo, koma mawu sadzabwereranso. Bambo anakalambira ku Kanengo akusankha fodya. Anali munthu wankhani, woti akayamba za kwawo ku Dowa tiyi ankazizira m'makapu. Ndinkafuna kuwajambula mawu asanagonekedwe. Foni yanga inali yodzadza nthawi zonse, ndipo ukajambulirapo zinkamveka ngati munthu akuyankhulira m'chidebe.

Nditangoitulutsa m'katoni ndinachotsa sisitemu yomwe inabwera nayo n'kuikamo Linux. Ndi yaulere, ndi yopepuka, ndinaizolowera pa kosi ya makompyuta, komanso siikudyera bandulo mwakabisira. Vuto lake n'lakuti pa makina atsopano sudziwiratu chomwe chigwire ntchito ndi chomwe chikane, ndiye umayesa chimodzichimodzi. Kiyibodi inavomera. Kamera inandionetsa nkhope yanga yotopa. Intaneti inagwira nditailumikiza ku foni, sipika zinalira bwino, batire linapirira masana onse magetsi atazima. Maiki yokha, chinthu chomwe ndinkachifunitsitsa, inali zii.

Ndinalimbana nayo masiku angapo, tsiku la opaleshoni likuyandikira. Ndinkawerenga madandaulo a anthu a kumayiko akutali omwe anagula makina ngati anga, n'kumalemba malamulo pa kawindo kakuda ka zilembo zoyera, kuzimitsa, kuyatsanso, koma osaphula kanthu. Mayi ankati akasuzumira ankapukusa mutu, amvekere chinthu chatsopano chimaonetsa bwanji mdima. Pomaliza ndinasintha mtima weniweni wa sisitemuyo, umene amati kenelo, n'kuika watsopano. Nditatsokomola, kamzere kobiriwira ka maiki kanadumpha pa sikirini. Ndinaitana bambo kuti ayesepo, ndipo kachidutswa koyamba ndinakatumiza kwa mng'ono wanga ku Zomba pongofuna kudzitama.

Tinkajambulira kuseri kwa nyumba, kuthawa phokoso la maminibasi ndi chigayo cha aneba. Bambo anatchula makolo awo mmodzimmodzi. Anafotokoza mmene anabwerera m'tauni atakwera pamwamba pa mabelo a fodya, ndi mmene anafunsirira mayi, mayiwo akutsutsa ali kukhitchini. Anaimbanso, mawu atasasa kale, akupumira m'njira. Zidzukulu zomwe sizinabadwe anazisiyira uthenga wawo. Masana amenewo ndinali wokondwa kuposa nthawi ina iliyonse chaka chimenecho.

Tsiku logonekedwa ndinapita nawo monga wodikirira wodwala. Laputopu ndinaiika m'chikwama chake n'kuisiya pamwamba pa kabati. Pakhomo panatsala amalume, mlongo wawo wa mayi, omwe anabwera kuchokera ku Area 23 kudzayang'anira nyumba. Kwathu amalume ndiwo eni mbumba. Ukwati, maliro, ngakhale kusintha malata, palibe chimayenda iwo asananene. Si munthu wankhanza ayi. Ndi munthu wothandiza, ndipo thandizo lawo silifunsa mwiniwake.

Opaleshoni itatha ndinabwerera kunyumba pamodzi ndi mayi kudzasamba ndi kutenga zovala. Ndinayatsa laputopu kuti ndingomva mawu a bambo pang'ono, popeza omwe ndinawasiya kuchipatala anali ndi kapaipi pakhosi. Inayaka ndi nkhope ina. Sisitemu ija ndinaichotsa ija inali itabwereranso. Ndinatsegula paliponse pomwe ndikanatha kutsegula. Munali nyimbo zamakwaya, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, mpira wakalekale, zodzadza mpaka pakamwa. Za bambo munalibe.

Amalume anali pakhonde, akumwetulira ngati munthu wobisa mphatso. Mayi anali atawauza kuti mwana wavutika nawo makinawa, akungoonetsa zakuda. Iwo atayatsa n'kupeza zosazidziwa, anainyamula ulendo wa kumsika wa Nsungwi, kwa bambo wina wa kabenchi koikira nyimbo m'mafoni. Anthu a mabenchi amenewo mankhwala awo ndi amodzi. Foni ikachedwa, kufulasha. Kompyuta ikaonetsa chachilendo, kufulasha, kutanthauza kupukuta zonse n'kuyambira pachiyambi. Safunsa kuti muli chiyani, ndipo amene wabweretsayo naye safunsa.

"Ndakukonzera," anatero amalume. "Anakupusitsa ogulitsa aja, munalibe chilichonse m'menemo. Mafilimuwo wangokuikira ulere."

"Amalume, munali mawu a bambo."

"Ndiye si udzawajambulanso akachira?"

Nkhani yoti bambo sadzayankhulanso tinawafotokozera amalume atakhala pampando womwewo. Anagwedeza mutu tsiku limenelo, kenako n'kuyamba kulongosola za yemwe aziphika phala la wodwala. Sanamve. Anthu ozolowera kumveredwa samva.

Ndinkafuna kuwafunsa kuti anaitenga bwanji pamwamba pa kabati, m'chikwama chotseka, osaimba ngakhale foni, pomwe tsiku lonse ankandiimbira kufunsa komwe timasunga shuga. Mawu anafika pakamwa. Mayi anandigwira mkono n'kufinya, akundiyang'ana ndi diso lija ndinalidziwa ndili mwana. Anandinong'oneza kuti amalume ataya nthawi yawo, ayenda wapansi padzuwa chifukwa cha ine, ndipo pakhomo pali matenda, si nthawi yoyambitsa mlandu. Anati ndithokoze.

Ndinagwada. Ndinati zikomo amalume. Mpaka lero ndikakumbukira zikomo ameneyo sindidziwa kuti ndakwiyira ndani kwambiri pakati pa amalume, mayi ndi mawondo angawa.

Ndinayesa kubweza zomwe zinafufutidwa. Pali mapulogalamu omwe amafukula zinthu zotere ngati pamalopo sipanalembedwe zina. Ndinayatsa Linux kuchokera pa fulashi, n'kuisiya ikufufuza tsiku lonse. Inatulutsa zidutswa za mafilimu okhaokha. Ulere uja ndi womwe unamaliza zonse, chifukwa mafilimuwo anakhala pamwamba penipeni pa mawu a bambo.

Aliyense amene ndamufotokozera amandifunsa chifukwa chomwe sindinakopere pena. Fulashi ndinali nayo imodzi, yomwe munali Linux, ndipo laputopu inali m'nyumba mwathu, pamwamba pa kabati, momwe ndinkayesa kuti chinthu cha munthu chimakhala chake. Funso limenelo amafunsa ine. Amalume palibe anawafunsapo kanthu, ndipo pamaliro ena ndinawamva akuuza anzawo kuti ana a masiku ano amagula zinthu zodula osadziwa kuzigwiritsa ntchito.

Bambo anatuluka m'chipatala ataonda, akuyankhula ndi manja. Palibe anawauza kuti mawu aja anafufutidwa. Mayi anati zingawabwezere m'mbuyo. Linux ndinaibwezeretsa, maiki ikugwira bwino lomwe, yopanda womujambula.

Masana ena tili kuseri kuja, bambo analoza laputopu, kenako khutu lawo. Ndinali ndi kachidutswa kaja kokha, komwe mng'ono wanga ananditumiziranso. Ndinakatsegula. Munamveka kukhosomola, mpando kukhwekhwereza, kenako mawu awo athunthu:

"Chayamba chimenechi? Ndiyankhule tsopano?"

Kanathera pomwepo. Bambo anamwetulira, nakhazikika bwino pampando, n'kuzunguza chala kuti ndipitirize. Ndinakabwereza komweko. Anazunguzanso chala.