Khadi Linali M'bokosi Langa

Mkazi wa mwana wanga anachoka panyumba pake chifukwa cha pakamwa panga. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ndisawazembe, chifukwa ine ndikayamba kusimba ndimathamangira zamgodi, kumene ndinali munthu. Sukulu ndinalekeza sitandade thu, ndiye wowerenga apirire.

Pansi pamgodi ku Kitwe ndinagwira mpaka kukhala kapitawo. Sanandisankhe chifukwa cha pepala ayi, anandisankha chifukwa cha mawu. Makina obowola mwala akamalira, munthu sumva ngakhale kutsokomola kwako, koma ine ndikati "Tulukani!" anthu ankatuluka. Vuto n'lakuti mawu omwewo ndinkakwera nawo m'keji, chikepe chotitulutsa pansi, n'kukalowa nawo m'nyumba. Nyumba zakukomboni zinali zogundana. Ndikapempha mchere, aneba ankadziwa kuti ndiwo za lero zasukuluka.

Masiku amenewo banja la munthu wamgodi linkalandira mankhwala kukiliniki ya mgodi. Aliyense anali ndi khadi lake, koma pamwamba pake panali nambala ya mwini ntchito. Wopanda khadi ankabwerera pageti. M'nyumba zina makhadi ankasunga azimayi. Kwanga ayi. Ine ndinkawatsekera m'bokosi lachitsulo pamodzi ndi kalata ya ukwati, kiyi n'kumangirira palamba. Ndinkati ndikuopa kuti angabwereketse khadi kwa achibale, ntchito n'kundithera. Zoona zake n'zakuti ndinkakonda kupemphedwa.

Tinali ndi ana atatu, atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi wotsiriza. Kwathu ku Katete bambo salankhula zakuchipinda ndi mwana wake wom'bereka, n'kulaula. Mtsikana amalangizidwa ndi anamkungwi, mnyamata ndi malume ake. Atsikana atakula, mayi awo anawapezera alangizi kutchalitchi, zinatheka. Koma malume a mnyamata anali kumudzi, akulima thonje, ulendo wa masiku awiri. Mayi ake akati, "Bambo, mwanayu mawu ayamba kunenepa," ine ndinkati, "Tikapita kumudzi pa livi malume ake akam'khazika pansi." Livi ikakwana, kumudzi tinkapeza maliro, milandu ya minda, mowa. Tinkabwerako osatchula n'komwe.

Malangizo anga onse anali amodzi. Ndinam'peza pampopi akuseka ndi kamtsikana kena, ndipo ndinakuwa ndili kutsidya la msewu: "Iwe! Ukadzangobweretsa mimba kapena matenda m'nyumba mwanga, udzagona kusiteshoni!" Azimayi onse pampopi anafa nacho chiseko. Ine ndinapita ndikuzunguza chisoti, mumtima ndikuti ndalera mwana.

Ali ndi zaka sikisitini, tsiku lina Loweruka masana, ndinali pansi pa mtengo wa mango ndikusewera dirafuti ndi anzanga awiri a shifiti imodzi, Mbemba wina wamakani ndi mkulu wina wa ku Petauke. Mwana anabwera n'kuima chapatali. Anaima nthawi yaitali. Kenako anasendera n'kunjuta.

"Atate, ndimafuna khadi."

"Khadi lanji?"

"Lakukiliniki."

"Ukudwala chiyani?"

Anayang'ana anzanga aja, n'kuyang'ana pansi. "Ndimati mwina tilowe m'nyumba."

"M'nyumba muli dokotala? Nena pompano! Awa ndi atate ako onsewa."

Mbemba uja anaseka. "Mulekeni mwaiche, mwanayu mwina kasukulu kam'tentha. Mande kuli mayeso, eti?"

"Kapena njala," anatero wa ku Petauke. "Atate ako amamaliza nyama yonse, ife tikudziwa."

"Ndati ukudwala chiyani?" ndinabwereza, dzanja lili pa kabotolotopu kanga ka pabolodi, chifukwa ndinali pafupi kudya atatu.

"Mutu, atate."

"Mutu! Ine ndimalowa pansi ndi mutu, ndimatuluka ndi mutu. Uza amako akupatse mapilitsi awiri, umwe madzi. Khadi si chidole."

Anati, "Chabwino atate," n'kudzuka pang'onopang'ono, n'kumapita. Atatu aja ndinadyadi. Sanadzapemphenso khadi.

Zaka zinapita. Ndinapuma ntchito, tinasamukira ku Kamitondo, mu Kitwe momwemo, mayi wa ana anga anatisiya. Mnyamata anaphunzira zamagetsi, n'kukwatira mtsikana wa ku Itawa ku Ndola, mwana wa makalaliki aja amene makolo awo anachokera ku Malawi. Anthu a tchalitchi china, olankhula motsitsa, odya ndi foloko. Ine ndinam'landira bwino, zimenezo asadzandinamizire munthu. Anapeza nyumba ku Luangwa, komboni ina ya mu Kitwe, ndipo ndinkapitako Lamlungu lililonse tikatuluka Misa.

Chaka choyamba ndinangokhala chete. Chachiwiri ndinayamba kutsokomola. Chachitatu ndinayamba kulankhula. Mwambo umati mpongozi sum'yang'ana kumaso, sum'lankhula mwachindunji. Ine mwambo umenewo ndinausunga bwino kwambiri: ndinkalankhula ndi khoma, ndi nkhuku, ndi mlendo aliyense, iye ali pomwepo akuthira tiyi. "Nkhuku iyi ikungodya gaga, mazira tidzawaona liti?" Iye ankagwada, kuika kapu, n'kutuluka. Mwana wanga ankangoyang'ana nsapato zake. Ine ndinkati akugwirizana nane koma akuchita manyazi.

Zinafika pachimake tsiku la ubatizo wa mwana wa mwana wanga wamkazi. Pabwalo panga panadzaza anthu, a mphakati wathu wa kutchalitchi, aneba, anzanga akale amgodi. Mpongozi wanga ananyamula khandalo n'kumalisisita tsaya. Ine ndinali nditalawa pang'ono. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Apongozi, gwiritsitsani ameneyo, mwina angakuphunzitseni njira! Zaka seveni dzina langa likungouma ngati chitsa. Anthu a mabuku amabereka mabuku!"

Ena anaseka, ambiri sanaseke. Iye anapereka mwana kwa mayi ake, anapukuta manja pachitenje, natuluka pageti osathamanga. M'mawa mwake anakwera basi ya ku Ndola.

Patapita sabata ziwiri mwana wanga anabwera ku Kamitondo. Ndinam'landira ndi nkhani yokonzakonza. "Usadandaule. Ndatumiza kale mawu ku Katete. Kuli atsikana kumeneko, ukangowayang'ana amaima."

Anatseka chitseko. Anatsekanso windo. Kenako anakhala pampando, osati pansi, n'kuyamba kulankhula Chibemba, chimene sankandilankhula m'nyumba chibadwire. Ndikuganiza kuti m'Chinyanja chathu mawu amenewo sakanatuluka pamaso panga.

"Batata," anatero, ndiko kuti atate m'Chibemba, "wosabereka ndine."

"Usalankhule zopusa. Mbewu yathu..."

"Mundimvere kamodzi kokha. Mukukumbukira tsiku ndinapempha khadi?"

Ndinati sindikukumbukira. Linali bodza.

Anandiuza zonse, maso ali pakhoma. Chinali chinzonono. Pokodza ankaluma malaya kuti tisamve. Atalephera khadi, mnzake anam'tengera kumsika kwa munthu wogulitsa makapisozi pathebulo, pamodzi ndi mabatire ndi mankhwala a makoswe. Anamwa atatu, mafinya analeka, iye n'kuyesa wachira. Patapita milungu anatupa kumusi, nagona masiku anayi akunena kuti ndi malungo. Atakwatira, chaka chachiwiri, anapita onse awiri kuchipatala. Mkazi wake dokotala anam'peza ali bwinobwino. Koma mwana wangayo anauzidwa kuti njira ya mbewu inatsekeka kalekale ndi matenda amene sanachizidwe bwino.

"Ndiye mkazi wakoyo akudziwa?" ndinafunsa.

"Anali nane m'chipinda cha dokotalamo. Zaka faifi wakhala akusenza manyazi anga. Ankandiuza kuti, uzani atate anu. Ine ndikafika pageti lanu lija, miyendo inkabwerera yokha. Ndili ndi imvi, batata, koma mukatsokomola ndimakhalabe wa sikisitini."

Tsopano pali chinthu chimene sindinauzepo ngakhale wansembe, ndipo ndichilemba pano. Tsiku la dirafuti lija, mwana atadzuka n'kumapita, ndinaona mayendedwe ake. Ankayenda motangadza pang'ono, ngati munthu wopewa kuti buluku lisam'khudze. Mayendedwe amenewo ndinkawadziwa. Ndinayendapo choncho ineyo, ndili mnyamata wofika kumene ku Kitwe, ndisanakwatire. Kapitawo wanga wa nthawi imeneyo anandiona, anandikokera pambali, nati, "Mawa usalowe pansi, pita ukabayitse." Jakisoni, masiku ochepa, basi, ndinachira, n'kudzabereka ana atatu. Munthu wachilendo, wa mtundu wina, anandichitira zimenezo. Ine wanga ndinam'yang'ana kumsana, mtima unandiuza, ndipo ndinabweza maso pabolodi. Ndinati zimenezo n'za malume ake. Ndinatinso ndikam'funsa, adzadziwa kuti ndazidziwa bwanji.

Mwana wanga ndinamuuza zimenezi tsiku lomwelo ku Kamitondo, chitseko chili chotseka. Sindikudziwa kuti mawu anatuluka bwanji. Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba kuyambira pamene analowa.

"Munadziwa?"

"Ndinaganiza."

"Munadziwa," anatero. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anatsekula windo lija, anaima pamenepo pang'ono, kenako anati, "Ku Katete mutumizenso mawu. Ine mkazi ndili naye."

Ku Itawa ndinapita ndekha, nditavala jekete la maliro. Bambo ake a mpongozi wanga, mkulu wa mpingo wovala magalasi, anandilandira ndi ulemu umene unandiwawa kuposa mbama. Anamuitana mwana wawo. Mpongozi wanga anakhala pamkeka chakukhomo, atatembenukira kumbali. Ine ndinatsika pampando n'kukhala pansi, mawondo akulira.

"Apongozi, ndabwera kudzagwira mwendo. Ndamva zonse. Ndinakulakwirani."

Mpongozi wanga anakonza chitenje chake, osatembenuka.

"Atate," anatero, "kusabereka ine sikunandichotse ku Luangwa. Ndinalumbira m'tchalitchi, pamtendere ndi pamavuto. Chimene chinanditopetsa n'chakuti mwamuna wanga ankalolera kuti ine ndizitukwanidwa kusiyana n'kuti atsekule pakamwa pamaso panu. Ndinkadzifunsa kuti kodi munthu ameneyu anam'chita chiyani mwana wake?"



"Komanso," anapitiriza, "munandivula pamaso pa anthu ambiri. Lero mwabwera kudzandiveka kuseri kwa chitseko."

Bambo ake anati, "Mwanawe, akuluakulu salankhulidwa choncho." Ine ndinati, "Musiyeni, akunena zoona."

Ndinabwerera ku Kitwe ndikudziwa chochita, koma chinsinsi sichinali changa. Ndinapita kwa mwana wanga kukapempha chilolezo, ine, kupempha kwa mwana. Anaganiza masiku atatu. Kenako anati, "Nenani kuti vuto lili kwa ine. Zinazo n'zanga."

Lamlungu lotsatira mphakati unakumana panyumba ya mayi wina wamasiye, anthu ambiri omwe aja a paubatizo. Atatha mapemphero ndinaimirira. Ndinati mpongozi wanga ndinam'namizira, alibe chilema chilichonse. Ndinati vuto lili mbali yathu, ndipo amene analibweretsa ndine, chifukwa mwana wanga ali mnyamata anabwera kwa ine akudwala, ine n'kum'bweza pamaso pa anthu. Mkulu wina anati, "Koma mwambo ndi mwambo, bambo sangalowe nkhani zimenezo." Ndinam'yankha kuti, "Achimwene, malume ali ku Katete, matenda ali ku Kitwe kuno. Mwana wanu akati tilowe m'nyumba, lowani. Ngati pakamwa pakulemera, ingomufunsani kuti, pakuwawa n'kumusi? Akagwedeza mutu, valani nsapato mupite naye. Mwambo sungakufereni pamenepo." Azimayi ena anaphimba kumaso ndi zitenje. Mmodzi anaseka, wina anam'tsina. Ine ndinakhala pansi thukuta lili kamukamu, ngati ndatuluka kumene mu shifiti.

Mawu anafika ku Ndola asanathe masiku awiri, pakuti pa zimenezo anthu a mphakati sachedwa. Patapita mwezi mpongozi wanga anabwerera kwa mwamuna wake. Anaika lamulo limodzi, ndipo mwana wanga ndiye anadzandiuza, m'Chinyanja, akundiyang'ana m'maso: ku Luangwa ndisamapite mpaka iye mwini adzandiitane.

Chaka chino n'chachiwiri. Mwana wanga amabwera Loweruka lililonse, amandikonzera mawaya, timakhala pakhonde n'kumacheza, nthawi zina nkhani zimene kale sindikanazilola m'kamwa mwanga. Amabwera ndi kambale ka chikanda kapena nsomba yokazinga, atakulunga bwino pansalu. Ndimadziwa manja amene aphika. Ndimadya, ndimatsuka mbale ndekha, ndimabweza ndi moni. Moniyo amati amafika. Kuitana sikunabwere.