Mzere wa Ndodo pa Mphambano

Ntchito yanga yoyamba inali ya ulangizi wa zaumoyo, ndipo ananditumiza ku chipatala china chaching'ono kufupi ndi Edingeni. Ine ndine mwana wa ku Kawale. Kwathu njira timaidziwira golosale, tchalitchi ndi pamene pali chiwaya cha tchipisi. Ndiye tangoganizani munthu wotere akuuzidwa kuti Lachinayi lachiwiri la mwezi uliwonse azikachititsa sikelo kumudzi wina wa kuseri kwa mapiri, ulendo wa maola awiri ndi theka wapansi, m'nkhalango ya miombo ndi misuku. Njinga inkathera pamtsinje woyamba. Kuchokera apo anali mapazi ako basi, bokosi la katemera paphewa, kaundula wa ana m'chikwama.

Amene ankasonkhanitsa amayi kumudziko anali bambo wina wachikulire, mlimi wa njuchi, wamtali, wa chipewa chakutha ndi ndodo yansungwi. Aliyense ankangoti adada, ndiko kuti abambo m'Chitumbuka, inenso ndinatengera pomwepo. Sankalandira kanthu pa ntchitoyi. Mlangizi amene ndinamulowa m'malo ankakonda kujomba, moti amayi anali atasiya kubwera kusikelo. Adada anayenda khomo ndi khomo kuwauza kuti wabwera tsopanoyu sajomba, ndipo akajomba mlandu ukhale wawo. Choncho amayiwo sankasiya makasu chifukwa cha ine ayi. Ankasiya chifukwa adada anena. Kumudzi kuja munthu wosauka chuma chake ndi mawu ake, ndipo adada anali ataika mawu awo onse pa ine.

Dongosolo lathu linali lotere. Lachitatu adada ankatsika ndi uchi wogulitsa n'kugona kwa mlongo wawo pafupi ndi chipatala. Lachinayi ankalawira m'bandakucha kukapachika sikelo pamtengo wa mango ndi kukaitana anthu. Ine ndinkadikira kuti atsegule chipinda cha filiji, ndilongedze katemera, kenako ndiziwatsatira ndekha. Pamphambano iliyonse adada ankathyola kanthambi ka masamba aawisi n'kukagoneka chopingasa panjira yosayenera kuitsata. Njira yopanda nthambi ndiyo inali yanga. Kumeneko amati kutseka njira.

Tsiku loyamba anandifotokozera ndithu, koma Chichewa chawo chinali chodzaza mbwenu, mbwenu, ndipo ine ndinangogwedeza mutu ngati ndamva. Nditapeza masamba panjira ndinati kuli maliro, paja kwathu masamba pamsewu ndi maliro. Ndinamanga chitenje bwinobwino, nkhope n'kuikonza. Nditapeza achiwiri, achitatu, ndinati kalanga ine, mudzi uno anthu atha! Ndinakumana ndi mayi wina atasenza nkhuni n'kumupepesa ndi ulemu wonse. Mayiyo anatula nkhuni kuti aseke bwino. Ndiye amene anandilongosolera, ndiponso ndiye amene anaifalitsa nkhaniyo. Pofika masana dzina langa linali adokotala a masamba.

Njirayo ndinayamba kuikonda, ndisaname. Ukawoloka mtsinje woyamba pa mlatho wa mitengo iwiri, unkadutsa mudzi wa makola a ng'ombe ndi zigafa za fodya, kumene sukanadutsa osayankha monire wa khomo lililonse. Kenako nkhalango. M'mwamba mwa mitengo munali ming'oma ya makungwa, ina ya adada. Nyengo ya masuku ndinkafika kusikelo milomo ili nomi, nyengo ya bowa ndinkabwerera ndi kamphika ka ndiwo m'chitenje. Ukatuluka m'nkhalango unkapeza dambo, mtsinje wachiwiri, ndi chulu chachikulu chokhala ndi mphambano pambali pake. Chaka chonse choyamba sindinajombe ngakhale kamodzi, ndipo ana ankadzaza pansi pa mango paja mpaka ena padzuwa.

Koma dzina lija silinathe. Ndipo ine mtima wanga ndi wapachala, amayi anga anaulephera kalekale. Mwezi wa Disembala, ndikuyeza ana, mayi wina anafunsa mnzake mokweza kuti kodi mitengo ya m'njira itsalako, poti adokotala sayenda popanda masamba. Onse anaseka. Inenso ndinaseka ndi mano okha. Titaweruka ndinawakokera adada pambali.

"Adada, za masamba zija zithe. Chaka chathunthu ndikuyenda njira yomweyi. Ndine mwana ine?"

"Amama, njira imasintha chomene ndi mvula. Ndiponso anthu a makala akutsegula zawo."

"Ndati zithe. Ndatopa kusekedwa."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana ndodo yawo. "Yewo, amama," anatero.

Mu Januwale sindinapeze tsamba ngakhale limodzi, ndipo ndinafika bwinobwino. Ndinalowa m'mudzi mutu uli m'mwamba ngati tambala wa pakhomo pa eni.

Mu Febuluwale udzu unali utandipitirira msinkhu. Mvula inagwa Lachiwiri, Lachinayi kunacha bwino, nthaka ili yofewa. Ndinkayenda ndikuimba nyimbo za kwaya, maso ali m'mwamba. Nditafika pachulu paja ndinapeza njira ziwiri: ina yopapatiza, udzu utaigwera, ina yotakata, yopondeka, ya matayala a njinga. Ndinadziuza kuti njira yopita kumudzi wa anthu singakhale yopapatiza chonchija. Ndinatenga yotakata.

Inandifikitsa pa uvuni wa makala wozima, pakati pa zitsa, n'kuthera pomwepo. Munthu wanzeru akanabwerera. Ine ndinati aaa, mudzi uli cha uko, ndingodula. Paja amati safunsa anadya phula, koma ine ngakhale woti ndimufunse panalibe. Mitengo yonse inafanana. Foni inalibe netiweki. Lamba wa bokosi anandidya phewa, minga inanding'amba chitenje, ndipo kawiri konse ndinapezeka ndabwerera pa mtengo womwewo wakugwa. Ndinatukwana anthu a makala, ndinatukwana amene ananditumiza ku Mzimba, ndinatukwana ngakhale udzu. Dzuwa litapendeka ndinatulukira m'munda wa fodya, ndipo mwini munda anandiperekeza mpaka ndinaona mango aja. Nthawi inali itadutsa 3 koloko.

Amayi ambiri anali atapita. Anadikira kuyambira m'mawa, nthawi yopalira, ana akulira ndi njala. Otsalawo anali khumi kapena kuchepera, nkhope zili gwa. Mmodzi wa iwo, mkazi wa mkulu wa mpingo, mayi wa mawu akulu, anaimirira n'kuyamba. Chitumbuka ndinali nditayamba kuchimva, ndipo ndinamva zonse: kuti awa a boma ndi amodzimodzi, kuti tinanena ife, kuti mwezi wa mawa amayi asadzavutike kubwera.

Asanamalize, adada anaimirira n'kuvula chipewa.

"Nanguluwa kujara nthowa," anatero. Ndiko kuti, ndinaiwala kutseka njira. Anapitiriza kuti mlendo salakwa m'nkhalango ya eni, kuti wolakwa ndi iwo, ukalamba wayamba kuwadya mutu.

Mkwiyo wonse unatembenukira kwa iwo. Wina anati nkhalamba ikatopa izinena. Wina anati taluza tsiku lonse chifukwa cha munthu woiwala ntchito imodzi yokha. Ndipo ine, amene anthu amati pakamwa panga sipatseka, ndinali chete. Ndinatsegula bokosi n'kuyamba kubaya ana amene analipo. Ndinachita mantha, ndivomere. Ndinaopa amayi aja, ndinaopanso kuti nkhani ikafika kwa akuluakulu anga. Mumtima ndinadzitonthoza kuti adada sananame kwenikweni, njira sanatseke, kaya chifukwa chake chinali chotani.

Popeza nthawi inali itapita, adada anandiperekeza. Iwo patsogolo, ine pambuyo. Titayandikira pachulu paja ndinaona chinthu pansi. Pakamwa pa njira yotakata ija panali mizere iwiri yokuya, yolembedwa ndi nsonga ya ndodo, kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo. Pamwamba pa mizereyo panali phazi la jombo langa, looneka bwinobwino m'nthaka yofewa.

Anali atatseka. Ndinawaletsa masamba, iwo n'kumvera, koma anayamba kulemba mizere kuti ndisachite manyazi pamaso pa anthu. Ine woyenda maso m'mwamba sindinaione, ngakhale mu Januwale momwe.

Adada anafika pamenepo, osatembenuka, n'kukhwekhwereza nkhwaira yawo pamizerepo ngati akuchotsa linthumbu. Mizere inafufutika, phazi langa linafufutika. Anapitiriza kuyenda. Ankaganiza kuti sindinaone, ndipo ine sindinawauze kuti ndaona. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Sabata yomweyo amayi a m'mudzimo anakumana n'kugwirizana kuti adada apume. Ntchito yosonkhanitsa anthu anaipereka kwa mkazi wa mkulu wa mpingo uja. Ndinamva kwa mlongo wawo, pamjigo. Anati adada sanatsutse, anangopereka chingwe cha sikelo n'kupita kukaona njuchi zawo.

Mu Malichi ndinayenda maso ali pansi ngati wotaya singano, ndipo ndinafika m'mawa ndithu. Amayi anabwera ambiri, poti mlandu sunali wa boma. Adada anakhala patali, pa tsinde la mtengo, ngati munthu wongodutsa. Ndisanayeze mwana ndi mmodzi yemwe ndinaimirira. Ndinali nditakonzekera masabata atatu, Chitumbuka changa chothyokathyoka ndikuchisakaniza ndi Chichewa. Ndinanena zonse: kuti ndine ndinawaletsa masamba, kuti anatseka ndi mizere, kuti ndinaiponda ndi phazi langa, kuti tsiku lija ndinakhala chete chifukwa cha mantha.

Nditamaliza ndinadikira kuti anditukwane. Kenako mkazi wa mkulu wa mpingo anaomba m'manja, enanso n'kutsatira.

"Mwana waulemu chomene uyu," anatero. "Taonani, akufuna kusenza mlandu wa nkhalamba. Analeredwa bwino. Khalani pansi, adokotala, ife tamva. Adada anavomera okha ndi pakamwa pawo."

"Koma ndikunena zoona ine!"

"Eee, yewo, yewo. Tiyeni tiyambe, ana alira."

Ndinakuwa, ndinalumbira, mpaka misozi ya ukali inatuluka, ndipo iwo anangonditamanda kwambiri. Abale, palibe chinthu chowawa ngati kuyamikiridwa pa chinthu chimene unayenera kutukwanidwa nacho. Zoona zija zikanagwira ntchito tsiku lomwe lija, nthaka idakali ndi phazi langa. Patatha mwezi zinangokhala ulemu.

Titaweruka ndinapita pamene anakhala adada n'kugwada, ine amene kugwada ndinkati n'zachikale.

"Adada, munanameranji?"

"Amama, ine akandiseka, mbwenu ndikhala pompano, kwathu n'kuno. Inu akakutayani, ana awa adzawabaya ndani?"

"Koma dzina lanu laonongeka."

"Laonongeka, inde," anatero, osabisa. Anakanda pansi ndi ndodo. "Zimawawa. Koma zachitika."

Ndinangoti, "Masamba aja ndinalakwa kuwaletsa." Iwo anangondiuza kuti ndinyamuke mvula isanandipeze.

Mu Epulo adada analibe chotsikira kuchipatala. Ntchito inali ya wina, ndipo uchi unali usanafike pofula. Lachinayi lachiwiri ndinalongedza katemera, ndinasiya njinga pamtsinje woyamba, ndinayankha monire wa khomo lililonse m'mudzi wa zigafa, n'kulowa m'nkhalango ndikuwerenga mphambano m'mutu kuti ndisasokere. Pa yoyamba penipeni panali kanthambi ka msuku, masamba ake aawisi, kothyoledwa m'mawa womwewo. Pa yachiwiri kena. Munthu wa zaka zimenezo anali atayenda m'bandakucha kuchokera kwawo mpaka kuno, n'kubwerera, kutsekera njira munthu amene anamuchotsetsa ntchito.

Pachulu paja sanaike kanthambi. Anagwetsapo nthambi yaikulu, yoti ngakhale woyenda maso m'mwamba apunthwe nayo. Ndinatula bokosi, ndinakhala pansi pambali pake n'kulira. Kenako ndinakumbukira kuti amayi akudikira. Ndinasenza bokosi n'kutenga njira yopapatiza ija.