Mmene ndinapezera mnzanga ntchito imene ndinkaifuna

Ntchito ya boma itandithera, chimene chinandiwawa kwambiri ndi dzina. Kumpingo kwathu ku Leicester, kumene pafupifupi aliyense ndi namwino kapena wosamalira okalamba, ine ndinali "a boma". Ntchito yanga inali yoyankha madandaulo a anthu pafoni mu kaofesi kena, koma kumudzi mayi anga ankauza anthu kuti ndimakhala pafupi ndi nduna. Sindinawatsutse. Nduna zimakhala ku London, ndipo ukayezera ku Dedza, pamenepo m'pafupi ndithu.

Kenaka kaofesiko anakatseka. Anatisonkhanitsa, natipatsa mabisiketi, natithokoza kwambiri moti ndinaganiza kuti atikweza. Sabata yotsatira ndinali ku ofesi yothandiza osowa ntchito, nditavala tayi, ndekha m'nyumba monsemo. Mlonda wapakhomo anandiyesa bwana wodzayendera ofesi, mpaka ananditsegulira chitseko. Anazindikira ataona ndikukhala pabenchi la odikira.

Anandipatsa mlangizi, mayi wachizungu wamsinkhu wa mng'ono wanga wotsiriza. Anandifotokozera mwaulemu kuti ndalama yothandizira ndiziilandira bola ndikufunafuna ntchito, koma ya muofesi ikapanda kupezeka msanga, ndidzayenera kulandira imene ilipo. Imene inalipo inali ku Corby, m'nyumba zosungira katundu: kunyamula makatoni, ndi basi ya shifiti yonyamuka kusanache. Bondo langa lakumanzere, limene limalira ngati chitseko cha tchalitchi, linamva mawuwo ine ndisanawamve. Ndikulumbira, linalira lokha ndili chikhalire.

Choncho tinayamba kuyeserera intavyu.

"Tandiuzani chimene mumachichita bwino kuposa anzanu," anatero mlangiziyo.

"Palibe kwenikweni, mayi. Timangoyesera."

"Mwagwira ntchito zaka zambiri. Palibe chimene munachita chokusangalatsani?"

"Chinali chisomo chabe. Komanso anzanga anali akhama."

Anayika cholembera pansi. Anati kuno munthu amadzitama yekha, akuyang'ana womufunsayo m'maso. Ine ndinaleredwa kuti wodzitama ndi woledzera, ndipo woyang'ana wamkulu m'maso ndi wamwano. Masabata onsewo ndinkayankha nsapato zake. Ndinazidziwa kuposa nkhope yake. Tsiku lina nditakumana naye mumsika ndinamuzindikira kuyambira pansi.

Kunyumba ku Evington ndinadandaulira mkazi wanga, amene ndi namwino ndipo alibe nthawi yomvera chisoni munthu wopanda malungo.

"Inu bambo," anatero akuvula nsapato za kuntchito, "si inu amene mumayendetsa mwambo m'maukwati a Amalawi kuchokera kuno mpaka ku Nottingham? Pa perekaniperekani mumatama munthu mpaka amaponya ndi ndalama ya basi yomwe. Lero pakamwa pauma?"

"Kumeneko ndimatama ena, amayi."

"Ndiye dziyeseni ena. Muganize kuti mwagwira maiki, ndipo amene mukumuitana kutsogolo ndi inu nomwe."

Ndinayeserera kubafa, nditagwira mswachi. Zinayenda. Ndinadzitama mpaka ndinayamba kumulemekeza munthu wa pagalasiyo. Mlangizi wanga atandimva anawomba m'manja, ndipo tsiku limenelo ndinadziwa kuti amavala magalasi.

Posakhalitsa anandiitana ku intavyu yeniyeni, ku bungwe lina loyang'anira nyumba za lendi. Ntchito yake inali ya pampando, ya pafoni, pafupi ndi hita yotenthetsa m'chipinda. Inali ntchito yanga yakale itangovala malaya ena. M'chipinda chodikira ndinapezamo mayi wa ku Zambia amene tinkakhala madesiki oyandikana ku ofesi yotsekedwa ija. Malo anali amodzi.

"Ba Malawi!" anatero. "Na imwe muli kuno? Manje tizachita bwanji?"

"Mundikhululukire, mlongo wanga. Lero ndabwera ndi mankhwala."

Ndinalowa ndine woyamba. Ofunsa anali atatu. Ndinawayang'ana m'maso mmodzimmodzi mpaka wina anadzipukuta kumaso, kuganiza kuti pali chinthu. Mafunso oyamba ndinawadutsa ngati njinga pamtsetse. Kenaka wapakati anati ndifotokoze tsiku limene zinthu zinasokonekera kuntchito, ndi zimene ndinachita.

Ndinakumbukira tsiku limene makompyuta onse anazima, mafoni akulira, anthu akutukwana. Ndinagwira maiki ya m'maganizo. Ndinayamba bwino: "Ine…" Koma pakamwa pa woyendetsa mwambo sipadziwa mawu akuti ine. Pamafunafuna munthu womuitana kutsogolo, ndipo amene anatipulumutsa tsiku lija anali mayi wa ku Zambia uja. Ndiye anatigawira mapepala, natiuza zonena kwa okwiya, nakhazika mtima pansi bambo wina amene ankafuna kutitengera kukhoti tonse pamodzi ndi ketulo.

Ndinamutama, abale. Ndinati mayi ameneyu akayankha foni, wodandaula amatsiriza ndi kupepesa. Ndinati mavuto akamuona amabwerera pakhomo. Ndinati ofesi imene ili naye isagule inshuwalansi. Sindikudziwa nthawi imene ndinaimirira, koma ndinapezeka ndaimirira, dzanja likuloza chitseko.

"Ndipo mwayi wanu ndi wakuti ali panja pompano!"

Onse atatu ankalemba mothamanga. Ndinatuluka ndikudziwa kuti sindinayankhulepo bwino chotero chibadwire. Zimene ndinachita zinandifika ndili m'basi, pafupi ndi kwathu.

Mkazi wanga anamvetsera nkhani yonse osaphethira. Kenaka anatsegula kabati, natulutsa kabokosi konyamuliramo chakudya, nakatsuka, nakayika patebulo patsogolo panga. Nditakamufotokozera mlangizi wanga, anavula magalasi aja, nafunsa ngati ndingalole kuti nkhaniyi aziwauza ena ngati chenjezo. Ndinati ndi chisomo.

Mayi wa ku Zambia anaimba foni atalandira ntchitoyo.

"Ba Malawi, munabauza chani banthu baja? Nangena chabe, banayamba kunifunsa kuti ningayambe liti."

Ndinati sindikukumbukira bwino. Anaseka, nati mwana wake wamkazi akukwatiwa ku Hyson Green, mumzinda wa Nottingham, ndipo safuna woyendetsa mwambo wina koma ine. Ndinavomera, nditamuuza kuti Loweruka lake lisakhale la shifiti.

Tsopano ndimakwera basi ya ku Corby. Bondo limalira kuyambira pa siteji, ndipo mnyamata wa ku Zimbabwe amene timanyamula naye makatoni amati akalimva amadziwa kuti basi yafika. Mayi anga ndinawauza zoona zokhazokha, kuti katundu wambiri wa dziko lino amadutsa m'manja mwanga. Ndamva kuti ku Dedza akuti andikweza.