Galu amene anathetsa liwiro la makilomita seveni

Rodrick Kamwendo ndi mlonda pa fakitale ina ya makatoni ku DIP, dera la mafakitale kuno kudziko la Aluya. Mukamuona ndi yunifomu yake yabuluu, akutsegula geti ngati munthu wosalakwa, simungaganize kuti iyeyu ndi amene anathetsa mpikisano wa agalu umene Aluya anaukonda kwa zaka khumi ndi ziwiri. Nkhani yonse tikuidziwa awiri: iye ndi ine Kenny, amene ndinali pa chiwongolero tsiku limenelo.

Mpikisanowo unkachitika mu Januwale, m'chipululu kuseri kwa mafamu a ngamila. Anauyambitsa akuluakulu angapo okonda agalu aja owonda, amiyendo italiitali, amene kuno amati saluki. Kwina konse agalu ankathamanga makilomita awiri, koma iwowa anafuna seveni, ati aone galu wamtima. Kutsogolo kunkapita pikapu, chikopa cha gwape chotsendera thonje chikulendewera pa chitsulo, agalu n'kumachithamangitsa, eni ake ali pambali m'magalimoto awo aakulu, mahutala ali pii pii. Wa pikapuyo ndinali ine.

Rodrick anabwera kuno mu 2012 kudzagwira ntchito yokolopa. Kwawo ku Kapiri, ku Mchinji, anali wa uzimba monga bambo ake. Bwana wathu Abu Yusufu ataona mmene agalu ankamukondera, anamuchotsa pa mopu n'kumupatsa kagalu kakakazi, dzina lake Najima, kuti akalere. Kumudzi Rodrick anasiya mkazi wake Selinah ndi ana atatu, onsewo akudya pa viza yakeyo.

Vuto la Rodrick ndi makani. Ankati, "Aise Kenny, galu n'kumathamangitsa chikopa chouma? Kumeneko n'kumupusitsa. Galu amalimba mtima akalawa magazi."

Basi m'mawa uliwonse, akapita kokamuyendetsa kutali ndi famu ya bwana, ankamumasula Najima n'kumamuphunzitsa za ku Kapiri. Anamuphunzitsa kumva likhweru, kulondola fungo, komanso lamulo lalikulu la uzimba: galu sadya chimene wagwira, amakachitula pamapazi pa mbuye wake, mbuyeyo n'kumugawira matumbo. Ine ndinamuchenjeza kuti kuno kupha nyama ya m'chipululu ndi ndende, kenako ndege, osadzabweranso. Anangoseka. Paja samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Chokwiyitsa n'choti zinamuyendera. Najima anapambana zaka ziwiri zotsatizana, akumaliza makilomita seveni mchira uli m'mwamba, ndipo bwana ankamutchula Rodrick kuti dokotala. Ine ndekha ndi amene ndinkayenda ndi nthumanzi.

Chaka chachitatu agalu analipo khumi. Titadutsa kilomita yachisanu ndinayang'ana pagalasi. Agwape enieni, mayi ndi mwana, anatulukira pamulu wa mchenga cha kumanja. Galu woleredwa ndi chikopa sakanawayang'ana n'komwe. Najima anakhota osachepetsa liwiro, ndipo popeza ndiye anali patsogolo, enawo anamulondola onse. Ndinatsala ndikukoka chikopa ndekhandekha ngati wamisala.

Agaluwo tinawasaka mpaka dzuwa kufika paliwombo. Tinkawapeza mmodzimmodzi atagona pamchenga wotentha, malilime ali panja. Wina, wa mkulu wina wolemekezeka kwambiri, anafera m'galimoto tisanafike naye pamthunzi. Apolisi anabwera, pamodzi ndi munthu wa boma woyang'anira nyama zakutchire, ndipo antchito tonse anatiimika pamzere pafupi ndi tenti. Funso linali limodzi: agalu a mpikisano asiya bwanji chikopa n'kutsata nyama?

Rodrick anali pambali panga. Anandinong'oneza, "Achimwene, ndatha ine. Selinah ndimuuza chiyani? Ana aja asiya sukulu."

"Tsekani pakamwa," ndinatero. "Najima sakupezeka, ndiye umboni palibe. Mungoti sindikudziwa, khalas, nkhani yatha."

Kunena zoona, ndinkapemphera kuti galuyo afere komweko. Mulungu andikhululukire, koma mantha sadziwa chisoni.

Kenako wina anakuwa, akuloza. Najima anali kubwera, akutsimphina, nthiti zikuwerengeka, mwana wa gwape uja ali kukamwa. Abu Yusufu anagwada pamchenga, manja atatambasula, akumuitana ndi mawu achikondi. Galuyo anamudutsa ngati akudutsa chitsa. Anadutsa apolisi, anadutsa wa boma uja, nafika pamzere wathu. Nyamayo anaitula pansapato za Rodrick, n'kukhala pansi, maso ali pankhope pake, kudikira matumbo ake.

 

Wapolisi wamkulu anayandikira. "Iwe, chifukwa chiyani wabweretsa kwa iwe?"

Rodrick anabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Najima ananyamulanso nyama ija, nakaiikanso pamapazi pake, akugwedeza mchira. Ndipo ndinaona chimene sindinkaganiza kuti ndingadzaone. Munthu amene ankamupukuta galu uja m'mapazi ndi thawulo lake lomwe, amene ankamuyankhula Chichewa ngati mwana, anamukankha ndi nsapato m'nthiti mpaka anagubuduka.

"Yalla, choka!" anakuwa. Kenako anauza wapolisi uja, "Sindikudziwa, bwana. Ine ndimangomusambitsa basi."

Abu Yusufu anadzuka, nasansa mchenga pamkanjo wake. Anamuyang'ana Rodrick nthawi yaitali, moti ine ndinayamba kuona kale maunyolo. Kenako anatembenukira kwa apolisi n'kunena kuti galuyo wazunguzika ndi dzuwa, makilomita seveni achuluka, ndipo mlandu wa gwapeyo ausenza yekha. Kaya anadziwa, kaya sanadziwe, sanatiuzepo.

Mawu amenewo ndi amene anakhala manda a mpikisanowo. Akuluakulu aja anagwirizana kuti mtunda wautali choncho umasokoneza agalu mutu, ndipo Januwale wotsatira sanauitanitsenso. Pamalopo pano padutsa msewu wa malole. Mukafunsa amene amakumbukira, adzakuuzani kuti unatha chifukwa cha kutentha.

Najima anamuweruza tsiku lomwelo kuti ndi galu woonongeka, ndipo anamupereka kwa munthu wina wa famu yakutali. Bwana analamula Rodrick kuti amukweze m'galimoto. Galuyo ataona Rodrick akubwera anapinda mchira n'kukwawira pansi pa pikapu, akulira. Rodrick anamuimbira likhweru lija mwakachetechete, koma sanatuluke. Ndinachita kumukoka ndine.

Rodrick sanamangidwe. Kontrakiti itatha, bwana anamulembera kalata yabwino, ndipo Rodrick anapeza ulonda. Ana sanasiye sukulu, ndipo wamkulu ali folomu folo. Koma mpaka pano akaona galimoto ya apolisi ikuchepetsa liwiro pageti, amatembenukira kumbali.

Mwezi watha tili m'chipinda chathu, Selinah anaimba foni ya vidiyo. Mwana wawo wotsiriza, Edinah, anaonetsa kagalu kofiira kamene anatola kumsika, ali mwee ndi chimwemwe.

"Adadi, tikasunge? Amayi akuti inu mumadziwa kuphunzitsa agalu."



"Kabwezeni komwe mwakatenga," anatero Rodrick. "Kasanakuzolowereni."