Zenera la M'chipinda cha Vanishi

Kufakitale ya mipando ankawatcha Bambo Zenera, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pakamwa pawo pankatuluka pempho limodzi lokha: zenera. Ntchito yawo inali yopopera vanishi m'kachipinda kakumbuyo, kopanda ngakhale kabowo kotulukira mpweya. Ukalowamo maso ankayabwa, pakhosi n'kumawawa, babu la kudenga n'kumaoneka ngati lamira m'madzi a sopo.

Akadandaula, manijala ankangoti, "Lembani kalata, bambo. M'Chingerezi."

Zotopetsa zedi, ngati kuti mphuno ya manijalayo inkayembekezera kalata kuti imve fungo. Komabe mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, ankabwera ndi dikishonale. Chingerezi nachonso! Mawu a mpweya woipa chili nawo mulu: lina la chinyezi, lina la utsi, lina la zowola, lina la poizoni.

"Bambo, tisankhe liti?" ankafunsa mwanayo.

"Lemba onsewo! Onse ali m'chifuwa muno."

Makalata asanu ndi awiri anapita, yankho lomwelo: nkhaniyi tikuyiona. Chifuwa chokha n'chimene sichinadikire. Chinayamba kuimba mluzu, ndipo masitepe atatu a pakhomo pawo ankawakwera mopumira.

Tsiku lina kunabwera woyendera malo antchito. Manijala analamula kuti tsiku limenelo pasapoperedwe kanthu, chitseko chikhale chotsegula. Bambo Zenera anapsa mtima, koma sanaonetse. Anamulandira mlendoyo mwaulemu n'kumupatsa mpando wawo.

"Khalani apa, bwana, muone mmene timagwirira."

Anatseka chitseko n'kuyatsa makina. Mphindi zitatu sizinakwane: woyendera uja anatuluka chothamanga, akutsokomola, misozi ili chuchuchu, tayi ili kumsana. Iyeyo sanafunse n'komwe za dikishonale.

Khoma linabooledwa sabata yotsatira, n'kuikapo zenera lalikulu, lokhala ndi fani yotulutsa mpweya. Bambo Zenera analiona kamodzi kokha, tsiku lomwe anabwera kudzapereka kalata ya dokotala yonena kuti mapapo awo sangapirirenso ntchitoyo. Anaima pansi pake, anapuma kawiri, kenako anapinda ovolosi yawo n'kutuluka.

Masiku ano kunyumba kwawo zenera la pabalaza silitsekedwa, kuzizire kusazizire. Akazi awo akatambasula dzanja kuti alitseke, Bambo Zenera amayamba akoka kaye mpweya, poti mawu amatuluka movutikira.

"Mayi, lisiyeni. Ndinalidikira mokwanira."