Geti lamikondo yagolide ku Unit K

Ntchito yowotcherera zitsulo ndinaipezera pamaliro. Ndinali nditakhala pakhomo zaka ziwiri chimalizire sukulu, ndikungoyendayenda m'misewu ya Unit O, dera lathu pafupi ndi Harare, mtima uli m'malere. Pamaliro a mayi ena akumpingo kwathu benchi inathyoka mwendo, ine n'kuimanga ndi waya. Bambo Mbewe, amene anali ndi shedi yopangira mageti ku Unit K, anaigwedeza benchiyo n'kundiyang'ana. "Mwana wa a Phiri iwe, ubwere Lolemba." Zoti ndine mtsikana sanazitchule n'komwe.

Tinalipo antchito anayi. Amene anandiphunzitsa ndi a Tembo, munthu wachikulire amene makolo ake anachokera ku Zambia. Ndinayamba ndi kuyeza ndi tepi, kulemba ndi choko, kudula chubu ndi girayinda. Kenako anandionetsa kuika sikweya, kachitsulo koyezera ngodya, pakona, kugwiriza zitsulo ndi timadontho tiwiri, kuyezanso, ndiye n'kuwotcherera mzere wonse. Ukamaliza umagogoda makoko otsala pamzerewo ndi kahamala, n'kupaka penti yofiira yoletsa dzimbiri. Magetsi ankathima pafupipafupi, choncho moyo wa shediyo unali jenereta.

Kunyumba kunalibe mtendere. Achimwene anga a Dalitso, amene anali ndi digiri koma opanda ntchito, analowa gulu la achinyamata lofuna kuti olemera azilipira msonkho waukulu. Ankanena za mbinga, dzina limene kuno timatchulira anthu andalama zosawerengeka. Ndikawalankhula Chichewa ankayankha Chishona, monga amachitira anzathu ambiri. "Uri kuvakira mbavha rusvingo," ankatero, kunena kuti ndikumangira mbava linga. Zinkandiwawa chifukwa zina zinali zoona. Mageti athu aakulu ankapita ku nyumba za ku Harare zokhala ndi kapinga wothiriridwa, pamene ife mpopi wathu unali utauma kalekale.

Tsiku lina ndinawafunsa bambo Mbewe maganizo awo pa nkhani ya msonkho wa olemerayi. Sanasiye kupala chitsulo. "Alipire ndithu, mwanawe. Koma msonkho umafikira ife a chikwangwani pakhomo. Wolemera weniweni umudziwa pomwe amasunga chuma chake?"

Sabata imene gulu la achimwene linakonza zionetsero tinali tikumaliza geti la bwana wina wamalole. Linali lalitali kuposa munthu, loyenda pamawilo, pamwamba pake mikondo yopaka penti yagolide. Lachisanu m'mawa tinaliimika panja, titalitsamiritsa pa mapaipi awiri, kuti penti iume. Gulu la achimwene linkafuna kukafika ku Harare, koma makombi, maminibasi akuno, sanayende ndipo msewu unali wotsekedwa. Anabwerera masana dzuwa likuswa mtengo, atatopa, ali ndi ludzu, mkwiyo wawo usanapeze pogwera. Njira yawo inadutsa pa shedi yathu.

Ndinali nditavala chisoti ndikuwotcherera felemu la windo pamene ndinamva nyimbo. Nditakweza galasi ndinaona anthu atadzaza msewu, maso onse ali pa mikondo ija. Wina anakuwa, "Mbinga iyo!"

Bambo Mbewe anatuluka atakweza manja. "Ana anga, geti ili si langa. Ine ndimagona m'nyumba iyi. Madzi ndimatunga pa mjigo womwe mumatungapo inu."

Palibe anamva. Anyamata angapo anagwira getilo n'kuyamba kuligwedeza. A Tembo anathamangira kuti akakoke jenereta imene inali kuseri kwake. Paipi imodzi inatsetsereka, geti n'kugwa. Linaphwanya jenereta, ndipo ngodya yake inapanikiza mwendo wa a Tembo. Kulira kwawo sindidzakuiwala.

Nyimbo inatha pomwepo. Ambiri anathawa. Ndinagwira getilo koma silinasunthe. Kenako ndinaona manja ena pambali panga, ali a achimwene. Ankakuwa kuitana anzawo, atatu n'kubwerera. Tinalikweza pang'ono, bambo Mbewe n'kuwakoka a Tembo. Achimwene anawanyamula kuwaika m'kalole ka pashedi, malaya awo ali magazi okhaokha.

Kuchipatala tinadikira nthawi yaitali, ndipo anatiuza kuti bandeji tikagule tokha. Achimwene anandiyang'ana pakhonde paja. "Ukuona? N'zimene timanena izi."

"Ndikuona, achimwene," ndinatero. "Koma amene wathyoka mwendo ndi ndani? Ndi mbinga?"



Bwana wamalole uja anaimba foni Lolemba. Bambo Mbewe anayamba kufotokoza, iye n'kuwadula. "Ine ndimafuna geti, nkhani zanuzo ayi." Anakagula kwina sabata yomweyo. Ife shedi inatsekedwa pafupifupi mwezi, popeza popanda jenereta panalibe chowotcherera. Masiku amenewo sindinkakhazikika. Ndinkadzuka, kuvala ovolosi, kupita ku Unit K kukasesa tizidutswa ta zitsulo, n'kubwerera. Titatsegulanso, anzathu awiri sanaitanidwe. A Tembo anabwerera akutsimphina, ndipo mpaka lero sakwera makwerero.

Pagulu la achimwene, nkhani ya a Tembo sinakambidwe. Atsogoleri anangolemba pafoni kuti tsikulo linayenda bwino, uthenga wamveka. Achimwene anapempha kuti wina apite kukapepesa, anzawo n'kuwanena kuti agulidwa. Anapita okha, atanyamula buledi ndi shuga. A Tembo anawalandira bwino, koma anawafunsa funso limodzi: "Mwana wanga, munkafuna kumenya ndani?"

Ine ndi achimwene timakanganabe. Iwo amati maganizo aja anali abwino, anthu ndiwo analakwitsa. Ine sindinasinthe pa nkhani ya msonkho. Ndikufuna amene ali ndi zambiri apereke zambiri, kuti mipopi ituluke madzi ndipo wovulala asamagule yekha bandeji. Koma tsiku lija linandiphunzitsa kuti gulu lokwiya limagwira amene ali pafupi, ndipo kuno kwathu wapafupi ndi mnzako amene wangokuposa ndi jenereta imodzi. Tsopano munthu akandiuza kuti tiyeni tikathane ndi olemera, ndimayamba ndamufunsa kuti ndi ndani, amakhala kuti, ndipo tikafikako bwanji. Akasowa yankho, ndimatsitsa galasi la chisoti n'kupitiriza ntchito yanga.